Zaka Makumi Anayi za Anyezi

Lamulungu lililonse ndimayala nsalu yobiriwira pa thebulo
pamsika wa zakale ku Thiers,
kumunsiku mtsinje wa Durolle ukukokoma pakati pa mafakitale otsekedwa.
Ndimagula mipeni ya akufa, n'kugulitsa kwa amoyo
amene sadzadulira ngakhale tchizi.

Maryse Vialle anabwera mvula ikuwaza,
itatu atakulunga m'kansalu kopukutira mbale.
Bambo anatisiya mu Malichi, akutero,
denga likudontha. Ndiuzeni zoona.

Woyamba, chitsulo chosachita dzimbiri.
Chikuwala lero monga chinkawalira tsiku la ukwati,
sichisunga chakukhosi, sichikumbukanso kanthu.
Anapanga zikwizikwi chaka chimenecho.
Mayuro khumi ndi asanu, ndipo apo ndakoma mtima.

Wachiwiri, wamizeremizere ngati madzi ovundulidwa,
umene amati damasiko.
Maso ake anali pa umenewu.
Ndinaika galasi padiso, n'kulondola mzere umodzi
mpaka kumsana kwa mpeni, pomwe unangothera.
Damasiko weniweni ndi zitsulo ziwiri
zopindidwa, zosulidwa, zopindidwanso,
mizere yake imalowa mpaka m'fupa.
Uwu anangoulemba ndi asidi pakhungu.
Bambo ake anadyeredwa masuku pamutu
n'kupita osadziwa. Bola choncho.

Wachitatu ndinauzindikira usanatuluke wonse:
chikumbu cha nyanga ya ng'ombe, misomali itatu yamkuwa,
chidindo cha kambalame cha malemu Léonce Brugerolle,
yemwe ankanola atagona chafufumimba pa thabwa,
galu atamugonera pamiyendo kuti nyamakazi isamudye.
Chitsulo cha kaboni. Sichichedwa kupsa mtima.
Chisiyeni chonyowa usiku umodzi, m'mawa chili mawangamawanga.
Koma chikathwa chimameta cheya cha pamkono osamva,
ndipo chimada ndi zaka, phulusa, buluu, khosi la nkhunda,
chilichonse chomwe chadulidwa chimasiyapo dzina.
Kuda kumeneko ndiko anthu a ku Lyon amalipirira mazana anayi.

Ndinautsegula. Mbee!
Kuwala ngati supuni.
Unali wakuda bii, akutero Maryse monyadira,
ndachezera nawo usiku wonse ndi sandipepa.
Anandionetsa zala. Zosupuka.

Ndinayang'ana kumtsinje nthawi yaitali.
Zaka makumi anayi za anyezi, soseji, nthambi za mpesa,
chala chachikulu cha munthu mmodzi pamalo amodzimodzi,
zonse zinatsika ndi madzi a mu sinki
pamodzi ndi theka la kambalame.
Katsala mutu ndi phiko limodzi.

Makumi asanu ndi limodzi, ndinatero.
Sanalire. Anafunsa chifukwa, ndinamuuza,
poti anapempha zoona,
komanso ine ndimanama Loweruka lokha.

Kenaka ndinatulutsa apozi wa nkhomaliro yanga,
wowawasa, wa m'munda mwa mlamu wanga,
n'kumudula pakati ndi mpeni wa bambo ake.
Tinadya, theka iye, theka ine, chitsulo osapukuta.
Belu la tchalitchi lisanalire kachiwiri
kamthunzi kotuwa kanayamba kumera m'mphepete,
kochepa ngati mpweya pa galasi.

Ndi chiyani chimenecho?
Ndi tsiku loyamba, ndinatero.

Analandira khumi ndi asanu a woyamba uja.
Damasiko wabodza ndinamugulitsira kwa mnyamata wina madzulo
nditamuuza kuti ngwabodza. Anati ngwokongolabe.
Wachitatu anaupinda yekha, n'kuuponya m'thumba la jasi
momwe munali makiyi ndi timakobidi,
zoti wosunga mipeni m'mabokosi ataona akhoza kukomoka.

Za denga sindikudziwa.
Sabweranso pa thebulo langa.
Koma tsiku lina ndinamuona kutsidya kwa msewu
atawerama pa dengu la wamasamba,
akufinya anyezi mmodzimmodzi,
thumba la jasi litalendewera mbali imodzi.